Nyumba zopangira ku fakitale: kufulumira n'koona, kutchipa n'kwa apo ndi apo

Achimwene, mwafunsa ngati kupangira zigawo za nyumba ku fakitale n'kudzangozilumikiza pamalo omangapo ndi njira imene idzalowe m'malo mwa kumanga kumene tinazolowera, komanso ngati n'zoona kuti nyumba zotere zimatchipa. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa ambiri poyankha funsoli amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, kufulumira kwa ntchito ndi mtengo wake.

Njirayi si yachilendo. Nyumba yaikulu ya Crystal Palace ya ku London, imene Joseph Paxton anaikonzera chionetsero cha mu 1851, inamangidwa ndi zitsulo ndi magalasi opangidwa kale m'miyeso yofanana, ndipo chionetserocho chitatha anaiphwasula n'kukaimanganso ku Sydenham. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, dziko la Britain linamanga nyumba zazing'ono za mtunduwu zoposa 150,000 pofuna kusunga mabanja amene analibe pokhala. Chimene chasintha masiku ano n'chakuti chipinda chathunthu chikhoza kutuluka m'fakitale chili ndi mawaya a magetsi, mapaipi, matailosi, mawindo ngakhalenso bafa, ndipo kireni imangochinyamula n'kuchikhazika pamwamba pa chinzake. Imeneyi ndiyo imene amaitcha modular. Mtundu wina ndi wopanga makoma, pansi ndi denga paokhapaokha n'kukazimangirira pamalopo.

Kufulumirako kuli ndi chifukwa chomveka. Pomanga mwa masiku onse, khoma limadikira maziko, denga limadikira khoma, ndipo wa magetsi ndi wa mapaipi amadikira onsewo. Koma pa njira ya ku fakitale, ena akamakumba maziko, ena amakhala akumaliza zipinda ku fakitale, kumene mvula siimitsa ntchito. Chipatala cha Huoshenshan ku Wuhan m'dziko la China, cha mabedi 1,000, chinamangidwa m'masiku pafupifupi 10 kumayambiriro kwa 2020, ngakhale tisaiwale kuti chinali chosakhalitsa ndipo anthu masauzande anagwirapo usana ndi usiku. Umboni wolemera kwa ine ndi nyumba za ku Croydon ku London, ya nsanjika 44 ndi ina ya nsanjika 50, zimene zinamangidwa mwa kusanjikiza zipinda, komanso dziko la Singapore, limene limalamula kuti pa malo ena amene boma lagulitsa amange ndi njira imeneyi. Kumeneko, monganso m'mayiko ambiri olemera, chikukankha ndi kuchepa kwa amisiri, chifukwa okalamba akupuma ndipo achinyamata olowa ntchitoyi sakukwanira.

Tsono pa mtengo ndi pamene nkhani yagona. Kontrakitala wamba ntchito ikatha amachepetsa antchito n'kudikira ina, koma fakitale imadya ndalama tsiku lililonse: lendi, makina, magetsi ndi malipiro sizidikira kuti kasitomala apezeke. Imapindula pokhapokha ikamapanga zipinda zofanana mosalekeza, pamene ntchito zomanga zimabwera mwa apo ndi apo, kutengera chiwongoladzanja cha ku banki, zilolezo za mapulani ndi ndondomeko za boma. Kampani ya ku America ya Katerra inalandira ndalama zoposa madola 2 biliyoni kuchokera kwa oika ndalama, koma inagwa mu 2021. Ku Britain, mu 2023, kampani ya Ilke Homes inagwa, ndipo kampani ya Legal and General inaleka kupanga nyumba pa fakitale yake ya pafupi ndi Leeds. Vuto lalikulu silinali luso lopanga nyumba ayi, koma maoda osakwanira kudyetsa fakitale. Ku Sweden ndi ku Japan zinthu zayenda bwino chifukwa ogula anazolowera nyumba za ku fakitale kwa zaka zambiri, ndipo makampani a ku Japan monga Sekisui House ndi Daiwa House ali ndi msika wokhazikika.

Palinso ndalama zina zimene otsatsa malonda satchula. Chipinda chilichonse chimabwera ndi makoma, pansi ndi denga lakelake, choncho zikasanjikizidwa zipangizo zina zimabwerezedwa, ndipo chiyenera kulimba mokwanira kuti chisapindike pa lole kapena chikamakwezedwa. Kukula kwake sikusankhidwa ndi wojambula mapulani yekha, koma ndi m'lifupi mwa msewu, milatho ndi malamulo onyamulira katundu wamkulu. Ndalama zambiri zimafunika koyambirira, pomwe mabanki anazolowera kutulutsa ngongole pang'onopang'ono akaona ntchito imene yaima pamalopo, osati zipinda zimene zili m'fakitale ya munthu wina. Ndipo amene amakonda kusintha maganizo khoma litafika pawindo, ameneyo njirayi siimuyenera, chifukwa pulani imatsekedwa kupanga kusanayambe.

Za kulimba, zimene anthu ena amakayikira, ndinganene kuti chipinda chopangidwa pansi pa denga, ndi miyeso yoyendetsedwa ndi kompyuta, nthawi zambiri chimalongosoka kuposa chomangidwa padzuwa ndi pamvula. Pofooka ndi polumikizira. Mu 1968 nyumba ya Ronan Point ku London, ya nsanjika 22 yomangidwa ndi makoma a konkire opangiratu, inagumuka ngodya imodzi gasi ataphulika pa nsanjika ya 18, anthu anayi anafa, ndipo malamulo omangira anasinthidwa. Mpaka lero, polumikizira ndi pamene madzi amalowera ndiponso pamene moto ungadutsire ngati sanatsekepo bwino, ndipo cholakwa chimodzi cha ku fakitale chimabwerezedwa m'zipinda zonse za ulendo umenewo.

Kuona kwanga, njirayi ipitirira kukula pa mahotela, nyumba zogona ophunzira, zipatala, sukulu ndi mafulati, kumene chipinda chimodzi chimabwerezedwa kambirimbiri ndipo kutsegula msanga kumabweza ndalama. Pa nyumba imodzi ya pulani yakeyake, phindu lake ndi lochepa. Kumene ikulowerera mwakachetechete ndi m'zigawo: mitanda ya denga yokhomeratu, masitepe a konkire, mabafa athunthu ndi makoma akunja, zimene tsopano zimafika pa lole ngakhale pa nyumba zimene mbali yotsalayo akuimanga ndi njerwa ndi simenti.