Kodi Nsomba za M'thanki Timaweta Kapena Timasunga?

Mwezi uno ndalandira mafunso angapo kuchokera kwa anthu amene ali ndi nsomba zokongoletsa nyumba m'mathanki agalasi, ndipo dandaulo lawo likufanana. Malangizo onse amene amawapeza m'masitolo ndi pa intaneti ali m'Chingerezi, moti akafuna kufotokozera ana awo, kapena munthu amene amusiyira nyumba iwo akachoka, mawu a Chichewa amawathawa. Ndayankha mafunsowa pamodzi chifukwa akukhudzana.

Bambo wina wa ku Namiwawa mumzinda wa Blantyre wafunsa kuti: "Kodi ndinene kuti ndimasunga nsomba, ndimaweta nsomba, kapena ndimalima nsomba?"

Bambo, nenani kuti mumaweta nsomba. Munthu akamva kuti mukusunga nsomba, maganizo ake amathamangira ku firiji kapena ku thumba la usipa wouma, popeza nthawi zambiri timasunga chinthu chimene tikufuna kuti tidzachipeze monga tidachisiyira, kaya ndi ndalama, kaya ndi chimanga m'nkhokwe. N'zoona kuti timanenanso kuti wakuti akusunga mwana wamasiye, koma pa zinyama mneni amene amanyamula ntchito yonse ya kudyetsa, kusamala malo ogona ndi kuyang'anira kuswana ndi "kuweta". Ena amakana mawuwa ponena kuti chiweto ndi chimene mapeto ake ndi mumphika, koma galu ndi mphaka timawetanso, ngakhale palibe amene amawayesa ndiwo. Mawu akuti "ulimi wa nsomba" tiwasiyire alimi a m'maiwe, amene amaweta makumba ndi chilunguni kuti adzakolole ndi kugulitsa, monga amaphunzitsira ku Domasi. Inu mulibe tsiku lokolola.

Chiwiya chenichenicho chitchuleni kuti thanki, ndipo zikachuluka ndi mathanki. Ena amati "thanki yanga", ena "thanki langa", ndipo zonse ziwiri zimamveka, koma posankha imodzi muikakamire mpaka kumapeto kwa zimene mukulemba. Musachitche dziwe, chifukwa dziwe limakumbidwa pansi.

Mayi wina amene amakhala ku Leeds ku England walemba kuti adamasulira malangizo a m'sitolo kuti amayi ake, amene adabwera kudzacheza, azitsatira, ndipo adalemba kuti "nsombazi zimafuna madzi otentha ndiponso atsopano". Akufunsa ngati adalemba bwino.

Mayi, chiganizo chimenechi chikhoza kupha nsomba zanu zonse tsiku limodzi, ndipo wolakwa sangakhale agogowo, chifukwa iwo angochita zimene Chichewa chawauza. Madzi otentha ndi a pamoto, amene munthu sangapisemo dzanja. Mawu a Chingerezi akuti tropical, amene mudawamasulira kuti "otentha", amanena za kumene nsombazo zidachokera, ndiye tinene kuti "nsomba za kumadera otentha", pamene madzi ake tinene kuti ndi "ofunda". Ngakhale mawu akuti ofunda sakukwana paokha, popeza madzi ofunda amene timasambitsira mwana amaposa kwambiri amene nsombazi zimafuna. Lembani nambala: madigiri 24 mpaka 27 ndiwo amayenera mitundu yambiri, ndipo kwa dzanja la munthu madzi oterowo amangomveka ngati osazizira. Kachipangizo kamene kamasunga kufunda kumeneku ena amakatchula kuti hita, koma "chofunditsira madzi" ndi dzina labwino koposa, chifukwa limanena ntchito yake yeniyeni. Ngakhale kwathu kuno, munthu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu amachifuna miyezi ya June ndi July.

Mawu akuti "atsopano" nawonso ndi msampha. Amene akumasuliridwa pamenepa ndi freshwater, ndipo tanthauzo lake ndi madzi opanda mchere, a m'mitsinje ndi m'nyanja zonga ya Malawi. Chichewa chili ndi liwu limodzi lakuti nyanja, ndiye tikafuna kusiyanitsa timati "nyanja yamchere" ponena za imene ili ku Beira kapena ku Durban. Munthu amene wauzidwa kuti nsomba zimafuna madzi atsopano adzakhuthula thanki yonse n'kudzazamo a pampopi, omwe ali ndi klorini, mankhwala omwe aja timathira m'madzi nthawi ya kolera, ndipo nsomba sizipirira klorini. Cholemba choyenera n'chakuti: "Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, ndipo muthiremo ena amene mwawachotsa klorini."

Funso limene landitengera nthawi yaitali lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Salima, amene akufuna dzina la Chichewa la chimene azungu amati community tank. Iye adayesa "thanki ya mudzi", kenako "thanki ya gulu", koma zonse sizidamukhutiritse.

Aphunzitsi, mwachita bwino kusakhutira. "Thanki ya mudzi" aliyense aimva ngati thanki ya madzi imene mudzi wonse umatungapo. Chimene chikunenedwa ndi thanki imene muli mitundu yosiyanasiyana ya nsomba zimene sizilumana, sizidyana, ndiponso zimafuna madzi ofanana. Mneni wathu wa zimenezi ndi "kuyanjana", choncho ine ndinganene kuti "thanki ya nsomba zoyanjana". Ndikukana mawu akuti "nsomba zosakaniza", chifukwa kusakaniza sikufunsa ngati zinthuzo zikugwirizana. Timasakaniza nyemba ndi chimanga popanda kuzipempha. Kuyanjana kuli ndi kachidutswa ka -an- kamene kamasonyeza kuti mbali zonse ziwiri zikuchitirana chinthucho, ndipo mawu akewo amamukumbutsa woweta kuti asanagule nsomba yatsopano adzifunse ngati iyanjane ndi zimene zilimo kale.

Nsomba zoyanjana zodziwika bwino ndi monga neon tetra, kansomba ka masentimita atatu kapena anayi kochokera ku mitsinje ya Amazon, ka mzere wobiriwira mowala ndi kufiira chakumchira. Corydoras, wa ndevu ngati kamlamba, amene amakhalira kufufuza zakudya pansi. Zebra danio wa ku India ndi maiko oyandikana nawo. Komanso guppy ndi platy. Zitatu zoyambazo zimayenda m'magulu, ndipo pamafunika zosachepera 6 za mtundu umodzi kuti zisakhale mwamantha. Apa liwu lakuti "gulu" ndi lokwanira, monga asodzi amanenera gulu la usipa, ndipo n'chifukwa chakenso "thanki ya gulu" ingasokoneze, popeza ingamveke ngati muli mtundu umodzi wokha.

Poti muli ku Salima, ndikuchenjezeni za nsomba za kwanu komweko. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zimawetedwa m'mathanki padziko lonse chifukwa cha maonekedwe ake, koma si nsomba zoyanjana m'tanthauzo limene tikunenali. Zimakhala m'miyala, kumene zimapala ndere, ndipo yaimuna iliyonse imateteza mwala wake mwaukali. Madzi a m'nyanja yathu ali ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi, umene nambala yake imachepa asidi akachuluka) ya pafupifupi 8, pamene neon tetra amakonda madzi a pH yochepera 7. Ndidaonapo kwa mbale wanga wina thanki imene adaikamo mbuna zinayi pamodzi ndi tinsomba ta neon khumi, poganiza kuti chikasu ndi kufiira zidzakongola pamodzi. Patapita masiku atatu tidapeza titatu tokha titaunjikana pakona yakumwamba, kuseri kwa paipi ya sefa (kachipangizo koyeretsa madzi a m'thanki), zipsepse zitanyotsoka, pamene mbuna zinkayendayenda pansi ngati eni mudzi. Mbuna zimafuna thanki yawoyawo, yodzaza ndi miyala.

Dzina lakuti mbuna lili ndi mbiri yake imene wokonda chiyankhulo ayenera kuidziwa. M'Chichewa, mbuna ndi dzenje limene alenje ankakumba panjira ya nyama n'kuliphimba ndi masamba, ndipo n'kumene kudachokera mawu akuti "wagwa m'mbuna". Mbuna ya nsombayi ndi liwu lina, la Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo lidalowa m'mabuku a sayansi kudzera mwa Geoffrey Fryer, amene adafufuza nsomba za m'miyala ya kumeneko m'zaka za m'ma 1950. Lero woweta nsomba wa ku Germany kapena ku Japan amatchula mbuna ndi utaka osadziwa kuti akuyankhula mawu a kunyanja kwathu. Nsomba zimenezi ndi zina mwa zimene zidachititsa kuti paki ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ku Cape Maclear, ilembedwe ndi UNESCO m'chaka cha 1984 pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Wophunzira wina wa ku Zomba wafunsa za mgwirizano wa mawu: "Kodi ndinene kuti guppy wanga wafa kapena guppy yanga yafa? Nanga zikachuluka?"

Mayina a nsomba zathu sali m'gulu limodzi la mayina. Timati chambo chachikulu, usipa wouma, mlamba waukulu ndi milamba yaikulu, kampango wamkulu ndi akampango, matemba okazinga. Dzina lachilendo lilibe kwawo, ndiye pakamwa pa anthu limagwera mbali ziwiri: amene akuganiza za liwu lakuti nsomba amati "guppy yanga", pamene amene akuiona ngati bakha kapena galu amati "guppy wanga". Poyankhula palibe cholakwika. Polemba, njira yosapunthwitsa ndiyo kutsogoza liwu lakuti nsomba, kuti ilo lilamulire chiganizo chonse: "nsomba yanga ya guppy yafa", "nsomba zanga za guppy zaswana". Dzinalo lisiyeni monga limalembedwera, pakuti ndi dzina la munthu, Robert John Lechmere Guppy, amene adatumiza nsombazi ku London kuchokera ku Trinidad mu 1866, komanso mukalisintha simudzalipeza pa chikwangwani cha m'sitolo.

Wophunzira yemweyu wafunsanso ngati n'koyenera kunena kuti nsomba yake "ili ndi pakati". Ayi, pakati ndi pa munthu, ndipo akuluakulu angakudzudzuleni. Chiweto chimakhala ndi bere, ndipo chikafika nthawi yake chimaswa, monga timanenera kuti mbuzi yaswa. Mawuwa akuyenera guppy, platy, molly ndi swordtail, chifukwa nsomba zimenezi siziikira mazira koma zimaswa ana amoyo, amene amayamba kusambira nthawi yomweyo. Bere la guppy limatenga pafupifupi masabata anayi, ndipo ngati m'thanki mulibe zomera zoti anawo abisalemo, makolo awo omwe amawadya. Neon tetra ndi danio zimaikira mazira, ndipo sitinganene kuti zili ndi bere.

Mbuna ndi chambo zili ndi njira yachitatu. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, osadya, kukhosi kutatupa ngati munthu amene wabisa mtedza m'masaya. Ndaona ena akulemba kuti "imafungatira mazira m'kamwa", ndipo sikulakwa, koma kufungatira kumatikumbutsa mapiko a nkhuku. Tili ndi mneni amene akunena ndendende zimene zikuchitikazo, ndiye "kuvumata", kusunga chinthu m'kamwa osachimeza ndiponso osachilavula. "Mbuna yavumata mazira" ndi chiganizo cha mawu atatu chimene msodzi wa ku Chembe ndi mwana wa sukulu angachimve mofanana. Ana ake atchuleni kuti ana a nsomba. Mawu akuti "mbewu ya nsomba" ndi a alimi a m'maiwe, ndipo kasawala ndi ana a chambo okha.

Funso lotsiriza lachokera kwa mayi wa ku Area 18 ku Lilongwe, amene adauza mwana wake kuti m'sefa ya thanki mumakhala tizilombo, ndipo mwanayo, pofuna kuthandiza, adaichapa ndi sopo mpaka kuyera. Akufunsa ngati pali liwu lina.

Mwanayo adamva Chichewa bwino lomwe, chifukwa kuchipatala ndi kusukulu tizilombo timatchulidwa pamodzi ndi matenda. Nenani kuti "mabakiteriya othandiza", kapena "tizilombo tothandiza", koma liwu lachiwirilo musalisiye. Ntchito yake ndi iyi: zonyansa za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni, mabakiteriya ena amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimapirira ngati sachuluka, ndipo ndi amene timachepetsa posintha madzi sabata ndi sabata. Mawu awiriwa ndawasiya dala m'kalembedwe kake, chifukwa tikawalemba kuti naitiraiti ndi naitireti diso limalephera kuwasiyanitsa, pamene kusiyana kwake ndi kwa moyo ndi imfa.

Mabakiteriyawa amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achulukane m'thanki yatsopano, ndipo nthawi yodikirayi ine ndimaitchula kuti "kukhwimitsa thanki", pobwereka mawu a kumunda, kumene palibe amene amakolola chimanga chisanakhwime. Thanki ikakhwima, timalowetsamo nsomba pang'onopang'ono, zochepa sabata ino, zina patapita masabata awiri. Sindikonda mawu akuti "kudzaza thanki ndi nsomba", chifukwa amalimbikitsa cholakwa chimene oyamba kumene amachita kawirikawiri. Thumba limene mwagulira nsombalo muliyandamitse pamwamba pa madzi kwa mphindi 15 kapena 20 lisanatsegulidwe, kuti kufunda kwa madzi a mkati ndi a kunja kufanane. Ndipo pa kapepala kamene mumatire pambali pa thankiyo, mayi, m'malo mwa "chapa sefa" lembani kuti "tsukuluza sefa m'madzi amene wachotsa m'thanki", popeza mwana aliyense amadziwa kuti potsukuluza sitigwiritsa sopo.