Msuweni, za Kant ndi Mill zija

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, ndaona funso lako pagulupa, loti pakati pa Kant ndi Mill, akatswiri akale a nzeru zakuya aja, wolondola ndani pa nkhani ya kunama. Ati ndi za kusukulu. Hehe, za kusukulu zake ziti zofunsa pakati pa usiku? Iwe ukufunsa za mlongo wako. Ukufuna wina akuuze kuti kuwabisira azakhali zoti mnyamata uja anasiya maphunziro ndi chifundo.

Chabwino, tiyambe ndi akuluakulu akowo. Kant, mu 1785, anati usanachite chinthu udzifunse ngati ungafune kuti aliyense azichita chomwecho ngati lamulo. Bodza limagwera pomwepo, chifukwa aliyense atamanama palibe angakhulupirire mnzake, ndiye bodzalo lingapusitse ndani? Mu 1797 anafika ponena kuti ngakhale chigawenga chikufunse komwe mnzako wabisala, usaname. Aaa, apo mkuluyo anapyola. Mill ndi katswiri mnzake Bentham amati yang'ana zotsatira, chabwino ndi chomwe chikuchulukitsa chisangalalo n'kuchepetsa kuvutika kwa onse okhudzidwa. Ndiye iwe wakonda Mill, ndikudziwa, masamu ake akukukomera.

Koma dikira. Ukukumbukira amalume ako aja, bambo anga aang'ono? Sanawerengepo Mill, koma anali Mill weniweni. Nthawi ija amayi ako aang'ono anachotsedwa ntchito... ayi, si ulendo woyamba uja, wachiwiri. Amalumewo anati agogo asamve, mtima wawo ndi wofooka. Mwezi uliwonse ankatenga ndalama zawozawo n'kukapereka kwa agogo, ati zachokera kwa mwana wanu wamkazi. Mpaka kusintha kalembedwe pa envelopu, hehe, munthu wolemba ngati nkhuku yapalasa kuyesera kulemba mwaulemu! Tonse anatilumbiritsa, ngakhale ife ana. Agogo n'kumayamikira pagulu kuti mwana wanga ali pantchito yabwino, mwiniwake atakhala pomwepo, wangozyolika. Munthu anadzasiya kubwera chifukwa cha manyazi. Agogo n'kumadandaula kuti ndalama akutumiza koma nkhope sakuonetsa, ndamulakwira chiyani? Waona? Kuvutika kumene ankakuthawa kunalowera khomo lina.

Zitadzaululika, agogo za ntchitozo sanazilabadire n'komwe. Anakwiyira amalume. Anangoti, "Ndiye mwandiyesa mwana?" Ndipo kuchokera pamenepo amalumewo akanena chinthu, ngakhale choona, agogo ankayamba afunsa kaye munthu wina.

Ndiye... eeh, ndimati chiyani? Eya. Masamu a zotsatira amavuta chifukwa owerengera ndiwe wekha, za mawa sukuziona, ndipo yankho limakonda kutulukira mbali yomwe ikukupeputsa iweyo. Pomwe Kant anagunda ndi apa: munthu ali ndi nzeru zake, ukamunamiza wamulanda mpata wosankha yekha chochita. Azakhali akutumizabe fizi, msuweni. Ndalama ndi zawo, mwana ndi wawo. Ayenera kudziwa.

Koma usathamange, ndikukudziwa iwe, ukhoza kulemba pagulu pompano. Aristotle, katswiri wina wakale wa ku Greece, ankati khalidwe labwino lili pakati, kulimba mtima si mantha komanso si phuma, ndipo chinthu choyenera chimafuna nthawi yake ndi kanenedwe kake. Yamba ndi mlongo wakoyo. Umuuze kuti akanene yekha fizi ina isanatumizidwe, ndipo akapanda kutero iwe unena. Umuperekeze ngati akuopa.

Wamva? Sindikuti ukamuneneze. Ndikuti azakhali amve, makamaka kuchokera pakamwa pa mwiniwake, koma amve basi. Usakhale amalume achiwiri, envelopu imodzi ija inatikwana.

Aa, ndatumiza pagulu kapena kwa iwe wekha? Dikira ndione... ndi kwa iwe, mtima unagunda! Funso lako lija ulifufute pagulupo, azakhali si opusa.