Anadziwa bwanji kuti ndili ku Joni?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Johannesburg. Achimwene ena amene akugwira ntchito kumeneko alemba kuti mayi awo, omwe amakhala kumudzi ku Ntcheu, aberedwa K90,000. Iwo anatumiza ndalama ya feteleza, mayi n'kutapako pang'ono, yotsalayo n'kuisiya mufoni. Patapita masiku awiri munthu wina anaimba, nawatchula dzina mayiwo, n'kunena kuti ndi mnzake wa mwana wawo wa ku Joni, wawatengera katundu koma wagwidwa pachipata cha Dedza, ndipo msonkho ukapanda kulipiridwa lero lomwe katunduyo alandidwa. Mayi anathamangira kwa ejenti n'kutumiza. Achimwenewa akufunsa kuti: "Anadziwa bwanji dzina la mayi anga, komanso kuti ine ndili kuno? Kodi si wachibale ameneyu? Nanga ndichite chiyani, poti mayi sawerenga bwino?"

Pepani kwambiri achimwene. Ndisanayankhe, ndikupempheni kuti mayi musawakalipire. Manyazi ali nawo kale, ndipo mukawazazira, tsiku lina akadzalandiranso foni yoteroyo adzaopa kukufunsani. Akamberembere amenewa apusitsapo aphunzitsi, abusa, ngakhale maejenti amene amagwira ndalama za pafoni tsiku lonse.

Za wachibale zija, musafulumire kuloza munthu chala. Dzina la mayi silovuta kulipeza. Yesani nokha: mukayamba kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, musanalembe nambala yachinsinsi, foni imakuonetsani dzina la mwini nambala imene mukutumizako. Anaika zimenezi kuti tisamatumize ndalama kolakwika, koma wakuba amangolemba nambala iliyonse, n'kuona dzina, n'kusiya osatumiza. Akamaimba amakhala ali nalo kale dzina lonse monga lilili pachiphaso cha unzika.

Ndiye pali kabuku ka ejenti. Tsiku lina ndinaima pamzere pa kaambulera kena pamsika, kutsogolo kwanga kuli agogo ena. Kabuku kali chitsegukire pathebulo, mayina, manambala, ndalama zimene aliyense watapa, zonse poyera, ine ndikuwerenga bwinobwino ndili chiimire. Agogo aja anamasula foni pansonga ya chitenje, n'kumupatsa mnyamatayo, n'kumuuza nambala yachinsinsi mokweza ngati akuitana mwana kudimba. Tinamva tonse, anthu ngati asanu ndi awiri. Mnyamatayo sanalakwe chilichonse, anawathandiza mwaulemu, koma pamzere paja simudziwa waima ndani. Onjezani magulu a WhatsApp a maliro ndi a ukwati, momwe timalemba mayina a osonkha, manambala awo ndi komwe ali. Mwinanso inu nomwe munaikapo chithunzi cha mayi pa Facebook tsiku la anakubala.

Za ku Joni zokhazo nthawi zina amangoponya mwala kuthengo. Ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Mzimba, ndi mabanja angati opanda munthu ku Joni? Wakuba amangoti, "Ndine mnzake wa mwana wanu wa ku Joni uja." Mayi mwachisangalalo amayankha kuti, "Oo, wa uje?" Dzina lanu alitchula okha. Mukawafunsa modekha mmene kukambiranako kunayambira, musadabwe kupeza kuti zinayenda chomwecho.

Tsono chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: nthawi zambiri anthu amenewa sathyola foni ya munthu. Ndalama imatuluka ndi chala cha mwini wake. Ntchito yawo yonse ndi kukuthamangitsani kuti mutumize musanafunse munthu wachiwiri. N'chifukwa chake nkhani zawo zonse zimakhala za lero lomwe, za pompano, ndipo amalimbikira kuti musadule foni. Ena amachita kukuperekezani palamya mpaka kwa ejenti, akulankhulabe, kuti mutu usapeze mpata woganiza.

Inenso zinatsala pang'ono kundigwera. Ndinalandira foni masana ndili kuntchito, bambo wa mawu aulemu nati ndi mphunzitsi wa kusukulu yogonera komweko kumene kuli mwana wa mchemwali wanga. Mwana wakomoka, ali kuchipatala, pakufunika ndalama ya mankhwala msanga. Kumbuyo kunkamveka phokoso ngati la anthu ambiri. Mtima unagunda, ndinatsegula *211# n'kuyamba kulemba nambala. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinamufunsa kuti mwanayo ali fomu chani, osati mochenjera ayi, ndinangosokonezeka. Iye anati, "Bambo, nthawi ikutha, mwana afa." Sanayankhe funso. Ndinadula, n'kuimbira mchemwali wanga, iye n'kuimbira kusukuluko. Mwana anali m'kalasi, ali gwa.

Nkhani zina mwina mwakumana nazo kale. Kuli ija ya uthenga wongoti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta," yomwe amaimwaza kwa anthu ambirimbiri podziwa kuti wina penapake akuyenera kutumizadi ndalama tsiku limenelo, ya lendi kapena ya chipepeso. Kuli ya kuwina galimoto pampikisano umene simunalowe, koma muyambe mwalipira kaye. Kuli ya ntchito kubungwe, ya Mtukula Pakhomo, ya feteleza wotsika mtengo, ya asing'anga ochulukitsa ndalama. Pa zonsezi munthu akungokuuzani kuti mupereke kuti mulandire, ndipo pamenepo palibe chokambirana.

Imene imagwira anthu abwino mtima ndi ya "ndatumiza molakwika." Mumalandira uthenga wooneka ndendende ngati wa kampani, wonena kuti mwalandira ndalama zakutizakuti. Posakhalitsa mayi wina akuimba akulira, ati inali ya kuchipatala, chonde bwezani. Yang'anani pamwamba pa uthengawo. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, ndipo umalowa pamzere womwewo pamene pali mauthenga akale a ndalama. Wabodza umachokera pa nambala wamba ya munthu, yoyamba ndi 099 kapena 088 ngati yanu ndi yanga. Kenako onani balansi nokha, *211# ku Airtel, *444# ku TNM. Ngati ndalamayo yalowadi, muuzeni woimbayo akadandaule kukampani kuti ndiwo abweze. Amene walakwitsadi amapita. Wakuba amayamba kutukwana.

Ina yoopsa ndi ya munthu wodzitcha wa kulikulu la kampani ya foni kapena kubanki. Amati simu khadi yanu itsekedwa, kapena akukonza akaunti, ndiye mudine manambala amene akukuuzani, kumapeto mulembe nambala yachinsinsi. Mukamadina mumakhala mukumutumizira nokha ndalama. Wantchito weniweni wa kampani kapena banki safunsa PIN, safunsanso manambala aja amene amabwera pa SMS mukamalowa mu akaunti. Inu amene muli pa WhatsApp, chenjerani ndi uthenga wochokera kwa mnzanu woti "ndakutumizira manambala 6 molakwika, tanditumizire." Mnzanuyo amulanda kale akaunti, ndipo mukatumiza, yanu yapitanso, kenako abale anu onse ayamba kulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lanu. Kwa munthu wa ku Joni zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa kumudzi akakhulupirira msanga kuti mwagwidwa ndi apolisi pankhani ya mapepala. Lowani mu WhatsApp yanu lero, muyatse two-step verification, yomwe ndi nambala yachinsinsi yotetezera akaunti yanu.

Mungafunse kuti bwanji sagwidwa, chikhalirecho MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, inalamula mu 2018 kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Ena amagwidwa, ndipo nyuzipepala zalembapo kangapo za akaidi a kundende ya Zomba opezeka ndi mafoni akuchita zomwezi ali mkati. Koma ambiri amagwiritsa ntchito makhadi olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, ndipo ndalama ikangolowa amaisamutsa kapena kuitapa nthawi yomweyo. Choncho muwauze mayi kuti chiphaso chawo asamabwereke munthu, ngakhale wobwera pamudzi ndi nkhani yoti akulemba mayina a thandizo, pokhapokha amfumu akudziwa za kalemberayo.

Nanga mayi muwateteze bwanji? Musawaphunzitse mitundu yonseyi, sangaisunge, ndipo mawa kubwera ina yatsopano. Apatseni lamulo limodzi: aliyense woimba nkhani ya ndalama, kaya akuti ndi mnzanu, kaya wapolisi, kaya wa kukampani, adule foni n'kukufulashani inu pa nambala yanu imene akuidziwa kale. Akulu ena amaona ngati kudula foni ndi mwano, ndiye apatseni mawu oti azinena: "Dikirani ndifunse mwana wanga." Basi. Woimbayo akati inu simungapezeke, foni yanu yatayika, muli m'chitokosi, pamenepo m'pamene ayenera kukayikira kwambiri. Sankhaninso munthu mmodzi pamudzipo, mlongo wanu kapena mdzukulu wokhulupirika, woti aziwawerengera mauthenga ndi kuwaperekeza kwa ejenti. Mbali yanu ndi yoti akafulasha muziimba msanga, ngakhale muli pantchito. Mukamachedwa, lamulolo lifa lokha. Ndipo muwauziretu kuti tsiku limene mudzatumizedi katundu, mudzawauza ndi pakamwa panu, ndipo za msonkho wa pachipata mudzathana nazo inuyo ndi wonyamulayo.

PIN ija asinthe sabata ino, isakhale chaka chobadwa kapena 1234, ndipo aphunzire kuilemba okha. Manambala anayi okha munthu amatha kuwazolowera ndi chala ngakhale sawerenga. Foni yawo ikadzangotaya netiweki tsiku lonse pomwe za anzawo zikugwira, wina apite nawo kushopu ya kampani akafunse, chifukwa pali akuba ena amene amatulutsa simu khadi yatsopano pa nambala ya mwini wake.

Za K90,000 ija sindikunamizani, patha masabata, mwayi woti ibwerere ndi wochepa. Nkhani zotere zimafuna kuimbira kampani ola lomwelo, ndalama isanatapidwe. Komabe mayi asafufute uthenga wotsimikiza kutumiza uja, chifukwa uli ndi nambala ya wolandira, dzina lake ndi nambala ya transaction. Apite nawo kushopu ya kampani ndi kupolisi ku Ntcheu, nambalayo ikalembedwe, mwina n'kutsekedwa isanalize mayi wina.

Ndalama ina ya feteleza mukaipeza, mudzatumize m'mawa wa tsiku limene mayi akupita kukagula, mlongo wanu ali nawo limodzi. Isagonenso mufoni.