Mwana asiye Chisipanishi akafika giredi 11, kapena apitirize?

Amayi, mwafunsa za mwana wanu amene ali giredi 10 ku America. Mwati chaka chino akumaliza Spanish 3 (level 3 ya Chisipanishi) chifukwa anayamba ali giredi 8, ndipo akufuna kuchisiya kuti alowetsepo phunziro lina la sayansi. Nkhawa yanu ndi yakuti kodi zimenezi sizimutsekera mwayi wa ku yunivesite. Ngati pa mayunivesite amene akuwalakalaka pali ngakhale imodzi mwa aja amatenga anthu ochepa pa ambiri ofunsira, asasiye, afike level 4. Ngati cholinga chake ndi mayunivesite a boma omwe mpikisano wake ndi wapakati, level 3 imamukwanira nthawi zambiri.

Chimene chimasokoneza makolo ambiri n'chakuti pali miyezo itatu yosiyana. Pali zimene state kapena district imafuna kuti mwana amalize sekondale. Pali zochepetsetsa zimene yunivesite imafuna kuti iwerenge n'komwe pempho lake. Ndiye pali zimene yunivesiteyo imayembekeza kuona kwa mwana amene ikufunadi kumutenga. Mwana akamva kwa anzake kuti "ndakwanitsa kale zofunika", kawirikawiri akunena muyezo woyambawo, pomwe umene udzamuweruze ndi wachitatu.

University of California, pa mndandanda wake wa maphunziro wotchedwa A-G, imafuna zaka 2 za chiyankhulo chimodzi chosakhala Chingerezi, ndipo imalimbikitsa zaka 3. Giredi yake ikhale C kapena kuposa. California State University nayonso imafuna zaka 2.  Harvard ndi Princeton zimalangiza zaka 4 za chiyankhulo chimodzi. Yunivesite ya mpikisano ikangolangiza osakakamiza, musaone ngati nkhani yapepuka. Ana ambiri amene adzapikisane naye adzakhala atatsata langizolo, ndipo wowerenga mapempho amaona msanga pamene phunziro linadukira.

Tsono pali nkhani ya level ndi zaka, imene ikukhudza mwana wanu mwachindunji. Mayunivesite ambiri amayang'ana pamene mwana wafika, osati kuwerenga zaka zimene wakhala m'kalasi. University of California imavomereza chiyankhulo chimene mwana anaphunzira ku giredi 7 ndi 8 ngati chinali pa mlingo wa sekondale, ndipo kukhoza level yapamwamba kumatsimikizira zam'munsi. Kwa iwo, Spanish 3 ndi zaka zitatu basi. Koma si onse amawerengera choncho. Ena amafuna kuona chiyankhulocho m'zaka za giredi 9 mpaka 12, ndiye mwana wosiya pa giredi 10 amaoneka kuti wachita zaka ziwiri zokha kusekondale, kenako zaka ziwiri zopanda kanthu. Pemphani transcript (chikalata cha maphunziro ndi magiredi a mwana) kwa counselor (mlangizi wa ana pasukulupo) panopa muone ngati Spanish 1 ya ku giredi 8 inalembedwapo, poti ma district ena amailemba, ena ayi.

Cholakwika chimene chimawononga kwambiri ndicho kusintha chiyankhulo. Mwana akatopa ndi Chisipanishi n'kuyamba French 1, amaganiza kuti zaka ziwiri uku ndi ziwiri uko zakwana zinayi. Ayi ndithu. Wowerenga amaona mwana amene wabwereza gawo losavuta kawiri, la moni, manambala ndi mitundu ya zinthu, osafika pomwe chiyankhulo chimayamba kufuna khama. Chiyankhulo chachiwiri ndi chabwino chikakhala chowonjezera, osati cholowa m'malo.

China ndi kupumira chaka, kuti adzabwerere ku giredi 12. Papepala zimaoneka zotheka, koma chiyankhulo chimazilala msanga munthu akapanda kuchigwiritsa ntchito. Pa level 4 mphunzitsi amayankhula Chisipanishi pafupifupi kalasi yonse, ana amawerenga nkhani zenizeni ndi kulemba zimangirizo. Wobwera atakhala miyezi yoposa khumi ndi iwiri osachikhudza amayamba chaka ali kale m'mbuyo, ndipo magiredi oipawo amagwera pa chigawo choyamba cha giredi 12, chimene mayunivesite ambiri amachiona kudzera mu lipoti la pakati pa chaka.

Mumufunse bwinobwino chifukwa chenicheni chimene akufunira kusiya. Ana ambiri amati "sayansi" pomwe vuto ndi mantha a GPA, avareji ya magiredi awo onse. Spanish 3 ndi pamene zinthu zimalimba: galamala yovuta ya subjunctive imalowa, kusiyanitsa preterite ndi imperfect (mitundu iwiri ya nthawi yakale ya mneni) kumafunika m'chiganizo chilichonse, ndipo kuloweza mawu usiku woti mawa ndi mayeso sikuthandizanso. Mwana amene ankapeza A mosavutikira amatsikira ku B n'kuyamba kuona ngati chiyankhulocho si chake. Kwa ine, B pa level 4 amanena zabwino za mwana kuposa A pa phunziro lopepuka limene walitenga pothawa. Zikafika pa C wotsika kapena D, nkhani imasintha. D sawerengedwa ku University of California, ndipo kukakamiza mwana kukwera level maziko ali ogwedezeka n'kumuika pangozi. Zikatero, mphunzitsi wake anene mwatchutchutchu pomwe pali mpata, mwana akonze pa tchuthi chachilimwe. Mphindi 20 tsiku lililonse, kumvetsera ndi kuwerenga, zimaposa maola atatu a Loweruka lokha.

Phindu lina limabwera mwana atalowa kale. Makoleji ambiri amafuna kuti wophunzira akwanitse mlingo wina wa chiyankhulo asanalandire digiri, ndipo amamuyesa akangofika kuti adziwe kalasi yomuyenera. Wosiya pa giredi 10 amalemba mayeso amenewo patatha zaka ziwiri, nthawi zambiri n'kubwezedwa koyambirira, kukalipira ndalama za koleji pa zomwe akanaphunzira kusekondale. Mayeso a AP (Advanced Placement, maphunziro a mlingo wa koleji ophunzitsidwa kusekondale) amalembedwa mu May, magiredi ake ndi 1 mpaka 5, ndipo m'makoleji ambiri 4 kapena 5 amachotsa lamuloli kapena kupereka ma credit (mapointi owerengedwa pa digiri), pomwe ena amalandira ngakhale 3. A AP alipo a Chisipanishi, Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana, Chitchaina, Chijapani ndi Chilatini. Wina akakuuzani za SAT Subject Test ya chiyankhulo, dziwani kuti College Board, bungwe limene linkawayendetsa, inathetsa mayeso amenewo mu 2021.

Nanga ngati ndandanda ikuwombanadi, Spanish 4 ili pa ola limodzi ndi AP Chemistry? Zimachitika, makamaka m'sukulu zing'onozing'ono, ndipo kwa mwana wofuna uinjiniya sayansiyo ingafunike kutsogola. Koma asanasiye, afunse za dual enrollment, kutenga phunziro la ku koleji akadali kusekondale, ku community college (koleji ya zaka ziwiri) yapafupi. Maphunziro a ku koleji amathamanga, ndiye aonetsetse kuti akulembetsa mlingo woyenera, osati kalasi yongocheza m'chiyankhulocho, poti imeneyo University of California siiwerengera. Njira ina ndi sukulu yovomerezeka ya pa intaneti. Musalipire kalikonse counselor asanakulembereni kuti phunzirolo lidzalowa pa transcript kapena kuti lili ndi transcript yakeyake imene mayunivesite angalandire. Pulogalamu ya pa foni ya Duolingo ndi yabwino poyeserera, koma siilowa pa transcript. Njira zonse zikakanika, counselor alembe m'kalata yake kuti maphunziro anawombana, nayenso mwana afotokoze m'ziganizo ziwiri kapena zitatu pa gawo la Additional Information la Common App, fomu yofunsira malo imene mayunivesite ambiri amalandira. N'chimodzimodzi ngati sukuluyo ilibe level 4, kapena ngati mwana ali ndi vuto lotsimikizidwa ngati dyslexia (kuvutika kuwerenga ndi kulemba). Mayunivesite amaweruza mwana molingana ndi zimene sukulu yake imapereka, koma ayenera kuuzidwa.

Samalaninso ndi zolowa m'malo. Texas imalola maphunziro a computer programming kuwerengedwa ngati chiyankhulo kuti mwana amalize sekondale, koma zimenezo sizikakamiza yunivesite ya kwina kuvomereza. American Sign Language, chiyankhulo cha manja, imavomerezedwa ndi University of California ndi ena ambiri, komabe yang'anani yunivesite iliyonse payokha.

Ngati kunyumba mumayankhula chiyankhulo china, mwana achilembe pa fomu, ndi chuma. Koma kungochiyankhula sikulowa m'malo mwa phunziro la m'kalasi popanda umboni. Funsani za Seal of Biliteracy, chidindo chosonyeza kuti mwana amadziwa ziyankhulo ziwiri, chimene chimaikidwa pa diploma kapena transcript. Chinayambira ku California ndi lamulo la mu 2011 ndipo chinafalikira m'ma state ena. Mlingo wofunika komanso mayeso ovomerezeka, monga AAPPL ndi STAMP, zimasiyana state ndi state, ndipo Chisipanishi chake chomwecho chingathe kumupezetsa chidindochi akafika level 4 kapena AP.

Chochita sabata ino: mwana alembe mayunivesite asanu ndi atatu kapena khumi amene akuwaganizira, atsegule tsamba la admissions la iliyonse, alembe zaka zofunika ndi zolangizidwa, kenako atsate nambala yaikulu kwambiri pa mndandandawo. Masukulu ambiri amasankhitsa maphunziro a chaka chotsatira pakati pa January ndi March, ndiye kaonaneni ndi counselor mafomu asanatsekedwe. Ndipo akadzalemba pa pempho lake kuti akutenga Chisipanishi ku giredi 12, asadzachisiye pakati osadziwitsa mayunivesite. Malo amaperekedwa podalira transcript yomaliza, ndipo kusintha kosanenedwa kungachititse kuti amulande malowo.