Mwafunsa zoti mumvere, koma yambani mwachepetsa liwiro

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Funso lawo linali lakuti ndi ma podcast (mapulogalamu a mawu omvera pa intaneti) ati, komanso mapulogalamu ati a pa wailesi, amene munthu angawatayire nthawi osadandaula. Anawonjezera kuti pa foni pawo pali ma podcast oposa 40, amawamvera pa liwiro lowirikiza kawiri kuti athe msanga, koma pofika madzulo palibe n'chimodzi chomwe chimene chatsalira m'mutu. Mayi, mawu omalizawa ndi amene andikhudza, chifukwa matenda amenewa ndinadwalapo.

Zaka zingapo zapitazo ndinachitidwa opaleshoni ya diso. Adokotala anandilamula kuti masiku oyamba ndizigona chafufumimba, nkhope itayang'ana pansi, ndipo kwa milungu ingapo ndisawerenge, ndisakhudze foni kapena kompyuta. Ine ntchito yanga ndi ya maso. Ndimadzuka n'kuwerenga, ndimagona nditawerenga. Tsiku loyamba ndinalimba mtima. Lachiwiri ndinayamba kuwerenga kugunda kwa wotchi. Lachitatu usiku ndinalira, osati chifukwa cha ululu ayi, koma mantha akuti mwina diso silidzaonanso, ndipo m'chipindamo munalibe chondichotsa pa ganizo limenelo. Alendo amabwera masana. Usiku aliyense ali ndi tulo take.

Mlongo wanga ndiye anakatenga kawailesi kakale ka malemu bambo athu, kamabatire, kokhala ndi eriyo yopindika imene bambo anaimanga ndi waya. Anakaika pafupi ndi khutu langa, n'kutchera BBC World Service, n'kupita kukagona. Sindinasankhe kanthu. Chimene chabwera ndi chomwecho. Usiku umenewo ndinamvera pulogalamu ya Outlook, imene yakhala ikuulutsidwa kuyambira 1966, momwe munthu wamba amafotokoza yekha zimene zinamuonekera. Ndinamveranso Witness History, kapulogalamu ka mphindi pafupifupi 9, komwe nkhani ya mbiri yakale imasimbidwa ndi munthu amene analipo, amene anaona ndi maso ake. Chimene ndinadabwa nacho n'chakuti kutacha ndinatha kumufotokozera mlongo wanga zonse, mwatsatanetsatane, mpaka pamene mawu a munthu wina anatsamwa n'kukhala chete kwa kanthawi. Kwa zaka zambiri ndinali ndisanamvepo chinthu mpaka kuchisunga chotero.

Diso litachira ndinabwerera ku foni ndi njala yaikulu. Ndinatsitsa chilichonse chimene wina wachiyamikira. Ndandanda inakula, ndipo ndinayamba kumva ngati ndili ndi ngongole kwa anthu amene sindikuwadziwa n'komwe. Ndinakweza liwiro. Ndinkamvera ndikuyankha mauthenga, ndikulemba, ndikucheza ndi anthu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ndi mmene zinandithera. Patatha chaka ndinazindikira kuti zimene ndinamva ndili chigonere mumdima ndikuzikumbukirabe, pomwe za chaka chonsecho zauluka.

Tsono ndinene mosapita m'mbali. Kumvera pa liwiro lowirikiza kawiri n'kuba, ndipo woberedwayo ndi inu nomwe. Ena amati amamvabe mawu onse. Inde, mawu amamveka. Koma wailesi yabwino simawu okha. Tengani Desert Island Discs, pulogalamu imene Roy Plomley anaiyamba mu 1942 ndipo ikupitirirabe mpaka lero. Mlendo amafunsidwa kuti atataidwa yekha pa chilumba angatenge nyimbo zisanu ndi zitatu ziti, buku liti, ndi chinthu chimodzi chiti chomusangalatsa. Funso looneka ngati masewera, koma pofika nyimbo yachinayi munthu wotchuka uja wayamba kukamba za mayi ake amene anamwalira, ndipo amaima, amapuma, amameza malovu. Nkhani ili pa kupuma pamenepo. Foni ikakupatsani mwayi wodula malo onse amene munthu wakhala chete, yakupatsani mpeni wodulira mtima wa pulogalamuyo.

Chinanso chimene ndatopa nacho, ndipo apa ndikudziwa kuti ena mwa inu mukwiya nane, ndi ma podcast a anthu awiri kapena atatu amene amangoyatsa maikolofoni n'kucheza maola atatu. Sanakonzekere, sanafufuze, sanadule kalikonse. Amaseka nthabwala zawo, amanena zinthu za mankhwala, za ndalama, za mbiri ya mayiko mwachidaliro chonse, ndipo palibe wowafunsa kuti zimenezo azitenga kuti. Poyamba ndinkati aliyense ali ndi chimene amakonda. Pano ndimati n'kusalemekeza womvera. Mawu akuti podcast anawalemba koyamba mtolankhani Ben Hammersley mu nyuzipepala ya The Guardian mu 2004, ndipo chimene chinasangalatsa anthu nthawi imeneyo n'chakuti aliyense angathe kuulutsa mawu popanda chilolezo cha nyumba youlutsira mawu. Zimenezo n'zabwino ndithu. Koma ufulu woyankhula sunachotse udindo wodziwa chimene ukunena. Ine ndimayesa pulogalamu poona zimene imachita ikalakwitsa. Mu 2012 a This American Life, pulogalamu ya Ira Glass imene inayamba ku Chicago mu 1995, anazindikira kuti nkhani ina imene anaulutsa, yokhudza mafakitale a ku China opanga zipangizo za Apple, inali ndi mbali zopeka. Anapereka pulogalamu yonse yathunthu kufotokoza pamene panali bodza ndi mmene iwo analepherera kulitulukira. Kuyambira pamenepo ndimawakhulupirira kuposa kale.

Nkhani imeneyi ndimailimbikira chifukwa mawu olowa m'khutu ali ndi mphamvu imene pepala lilibe. Pepala umatha kuliika pansi n'kutsutsana nalo. Mawu amalowa ngati a m'bale wako, makamaka ukawamva tsiku ndi tsiku pa nthawi imodzimodzi. Ku Rwanda wailesi ya RTLM inakopa achinyamata ndi nyimbo zamakono ndi oulutsa ansangala, ndipo mu 1994 mawu ozolowereka omwewo ndi amene ankatchula mayina a anthu ndi malo amene abisala kuti akaphedwe. Mu 2003 khoti la United Nations ku Arusha linapeza mmodzi wa amene anaiyambitsa, Ferdinand Nahimana, wolakwa. Sindikuti podcast yopanda pake ndi RTLM. Ndikuti amene mwamulola kukhala m'khutu mwanu ola limodzi tsiku lililonse mwamupatsa malo amene ngakhale achibale anu ena alibe.

Mphamvu yomweyo ili ndi mbali yokoma. Alistair Cooke anaulutsa Letter from America kuyambira 1946 mpaka 2004, mphindi 15 sabata iliyonse, munthu mmodzi yekha akuyankhula, popanda nyimbo kapena mlendo. Zaka 58. Anasiya ali ndi zaka 95, ndipo patangotha milungu yochepa anamwalira. Bambo anga ankamumvera pa kawailesi komwe kaja, ndipo ikafika nthawiyo m'nyumba munkati zii. Ndili mwana ndinkaona ngati akutizunza. Nditagona chafufumimba muja ndi pamene ndinamvetsa kuti bambo anali ndi mnzawo amene sanaonanepo naye, ndipo ankamupatsa ulemu umene mlendo amapatsidwa, womumvera mpaka amalize.

Tsopano mayina amene munafunsa

Ngati mungatenge chimodzi chokha, tengani 13 Minutes to the Moon, ya BBC, imene Kevin Fong anaikonza mu 2019 pokumbukira zaka 50 chifikireni anthu pa mwezi. Mndandanda wonse woyamba wa zigawo zake ukuzungulira pa mphindi 13 zomaliza chombo cha Apollo 11 chisanatere mu 1969. Mudzamva mawu enieni a tsikulo, kompyuta ya m'chombo ikuliza chenjezo la nambala 1202, ndi mnyamata wa zaka 26, Steve Bales, wa ku likulu loyang'anira ulendowo pansi pano, amene anayenera kunena m'kanthawi kochepa ngati apitirire kapena abwerere. Mapeto ake mukuwadziwa kale, komabe manja amatuluka thukuta. Ine ndinaimvera kawiri.

Yachiwiri ndi A History of the World in 100 Objects ya mu 2010, momwe Neil MacGregor, amene panthawiyo anali mkulu wa British Museum, amatenga chinthu chimodzi n'kuchifotokoza mphindi pafupifupi 15. Chimodzi mwa zoyambirira ndi mwala wodulira wa ku Olduvai ku Tanzania, wosemedwa zaka pafupifupi 2 miliyoni zapitazo. Kufotokozera munthu chinthu chimene sakuchiona mpaka achione ndi luso, ndipo kwa ine amene ndinakhalapo wosaona, pulogalamuyi ili ndi malo akeake. Ndimangodandaula kuti funso la mmene zinthu zinazo zinafikira ku London silipatsidwa nthawi yokwanira.

In Our Time, imene Melvyn Bragg anaiyamba mu 1998, ndi ya tsiku limene mutu uli bwino: akatswiri atatu, mutu umodzi, ndipo zigawo zake zinapitirira 1,000. Serial, gawo loyamba la mu 2014, lokamba za mlandu wa mtsikana amene anaphedwa ku Baltimore mu 1999, ndi yokonzedwa mwaluso, ngakhale ndimavutika mumtima kuti imfa ya mwana wa munthu inasanduka chosangalatsa cha anthu mamiliyoni. Nkhani za tsiku ndi tsiku, Focus on Africa ya BBC.

Pa 40 aja, mayi, siyani atatu, ena onsewo fufutani lero lomwe. Bwezani liwiro pamalo pake, ndipo sankhani nthawi imodzi patsiku pamene manja okha ndi amene ali pa ntchito, monga pochapa kapena poyenda pansi. Ndipo kamodzi pa sabata tcherani wailesi yeniyeni, mumvere chimene simunasankhe. Ine ndimatero Lamlungu usiku, pa kawailesi ka bambo kaja. Waya wa pa eriyo ndinachita kusintha chaka chatha.