Za zithunzi zanu za nkhwazi ku Senga Bay

Achimwene, zithunzi mwaponya zija ndaziona. Mwafunsa ngati mugule lensi ina komanso za malo ogona ku Salima. Zogonazo ayankha ena, ine ndikambe zithunzi. Amene akukuuzani kuti gulani lensi yaitali ya 600mm aja asakudyetseni ndalama, 300mm muli nayoyo ikukwana. Vuto silili pa lensi.

Taonani cha nkhwazi yotera pamwala chija. Mutu ndi chifuwa zangoti mbee, nthenga sikuoneka ndi imodzi yomwe. Kamera inayeza kuwala potengera mwala wakudawo, ndiye poyera ponse panapsa, ndipo popsa sipabwerera ngakhale mutachezera pa kompyuta usiku wonse. Kwa nkhwazi ndi akakowa tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa mu kamera) kufika pa -1. Chinanso, focus (pomwe kamera yalunjika kuti paoneke bwino) inagwira mwala m'malo mwa mbalame. Mwalawo ukuoneka bwinobwino mpaka zitosi zake, koma diso la nkhwazi lili mbuu. Kadontho ka focus muziika pa diso.

Youluka ija mapiko apakika chifukwa shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) inachedwa kutseka. 1/500 ya sekondi ndi ya mbalame yokhala phee. Youluka yambirani 1/2000, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ikwere ngakhale 1600, musaope. Timadontho tobwera pa chithunzi ISO ikakwera timachepetseka pa kompyuta, koma kugwedezeka kulibe mankhwala.

Pomwe ndikuchenjezeni kwambiri ndi pa maboti. Ine wa boti wina ananditenga kupita ku chilumba cha Namalenje mu Julayi, mwera uli pakati. Tinagwirizana 6 koloko mmawa, mkuluyo kutulukira cha m'ma 11 dzuwa litakwera kale. Injini osazimitsa, boti likungonjanja pa mafunde, nsomba yoitanira nkhwazi kuponyera komwe kuli dzuwa. Zonse zinatuluka zakuda ngati akhwangwala, lensi itanyowanso. Choncho musalipire zonse musanakwere. Mtengo nthawi imeneyo unali cha m'ma K40,000 kapena kuposa, zimatengera mafuta ndi pakamwa panu. Wa botiyo muuzeni azizimitsa injini mukayandikira, ndipo dzuwa lizikhala kumsana kwanu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera suchedwa kuyamba, mukaona nyanja yayamba kuyera ingobwererani.

Kunena zoona ine ndimakonda Chia Lagoon, pa msewu wa M5 musanafike pa boma la Nkhotakota. Madzi ndi odekha kusiyana ndi kunyanja, mumakwera bwato la nkhafi, kamera imakhala pansi pafupi ndi madzi, akakowa ndi anantchengwa mumawajambula maso ndi maso osati chapamwamba. Mulawirire ndithu. Mu Okutobala ikangokwana 9 koloko mpweya wotentha umayamba kuvinavina pamwamba pa madzi, kuphatikiza utsi wa moto wa m'tchire, chithunzi chimafewa ngakhale lensi ikhale ya mamiliyoni.

Komanso potumiza zithunzi pa WhatsApp muno muziponya ngati document. WhatsApp imazifinya, ndiye ena akukudzudzulani pa zinthu zomwe kamera yanu sinalakwe.