Tayala limodzi lingawononge galimoto yoyenda ndi mawilo anayi?

Kalata yomwe ndalandira sabata ino yandikumbutsa bala lakale. Achimwene ena ali ndi Nissan X-Trail, tayala limodzi lakutsogolo laphulika, atatu otsalawo adayendapo kale ndithu, ndipo ndalama zomwe ali nazo ndi za tayala limodzi basi. Akufunsa ngati kuika latsopano limodzi kungawononge transfer case, kabokosi kotumiza mphamvu ku mawilo akumbuyo, monga anawaopsezera makaniko wawo, kapena makanikoyo akungofuna kuwadyera.

Achimwene, makaniko wanuyo musamutaye. Ine ndikanakhala ndi munthu wondichenjeza chotero, sindikanataya ndalama zomwe ndinataya.

Ndinali ndi Subaru Forester ya magiya apamanja, galimoto yomwe ndinaisungira ndalama zaka zitatu. Tsiku lina tikupita kumaliro ku Ntcheu, titanyamula azakhali ndi matumba a ufa, tayala lakumbuyo linang'ambika titangodutsa pa Dedza. Sipeya inali yopanda mpweya. Mnyamata wogulitsa matayala a kaunjika m'mbali mwa msewu anandibweretsera limodzi looneka bwino, mano ake akadali akuya. Ndinaona kuti manambala akusiyana: anga onse anali 215/60R16, lakelo 215/65R16. Iye anati, "Bwana, rimu ndi imodzimodzi, 16. Lilowa bwinobwino." Linalowadi. Mwambo wa maliro unali utayandikira, mtima wanga unali kumudzi, ndipo ndinalipira n'kunyamuka.

Ndinayenda nalo miyezi ingapo. Kenako galimoto inayamba kukana pokhota. Ndikamaimika pamalo opanikizika, chiwongolero nditapotoza mpaka kumapeto, inkadumphadumpha ngati wina waponda buleki, matayala akukwecha pansi. M'mawa ikadali yozizira zinkachepa, koma ndikayenda mtunda wautali zinkanyanya. Tinasintha zitsulo za kumiyendo zomwe zinalibe vuto lililonse, mpaka bambo wina wachikulire pagalaja ina anangozungulira galimotoyo kamodzi, n'kuwerama pa tayala lija, n'kundifunsa kuti ndayenda nalo nthawi yayitali bwanji.

Nambala yapakatiyo, 60 kapena 65, imanena kutalika kwa khoma la tayala poyerekeza ndi m'lifupi mwake. Tayala la 215/60R16 limazungulira pafupifupi ka 479 pa kilomita imodzi, pamene la 215/65R16 limazungulira ka 464. Kusiyana kwake ndi maulendo 15 pa kilomita iliyonse. Muchulukitse ndi makilomita oposa 300 a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Pa Corolla kusiyana kotere kumbuyo sikufika ku giyabokisi, chifukwa mawilo akumbuyo amangotsatira. Koma pa Forester yangayo mawilo onse anayi ndi olumikizana, ndipo pakati pake pali kachipangizo kotchedwa viscous coupling, kodzaza timbale ndi madzi olimba ngati phala. Ntchito yake ndi kugwira pamene mawilo ena aterereka m'matope. Mawilo akumbuyo akamayenda liwiro losiyana ndi akutsogolo, iko kamayesa kuti galimoto ikuterereka, kamagwira, kamatentha. Kanapangidwira ntchito ya mphindi zochepa, ine ndinakagwiritsa ntchito ya miyezi. Kanapsa n'kuuma.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti galimoto zimenezi tikuziitanitsa zambiri kuchokera ku Japan, koma tikuzisamala ngati minibasi. Buku lake limabwera m'Chijapani, ngati labwera n'komwe, ndipo palibe amene amakuuza chilichonse pokupatsa makiyi. Tayala timagula limodzilimodzi, lina la ku China, lina la kaunjika lochokera kwina, lina lomwe linabwera ndi galimoto. Sindikunyoza ogulitsa kaunjika, ambirife ndi amene amatipulumutsa. Koma ndimakana ndithu mawu akuti "bola lalowa pa rimu". Komanso mukamagula, muziona manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala likhoza kukhala ndi mano abwino koma mphira wake utakalamba, ndipo dzuwa la mwezi wa Okutobala silikhululukira mphira wotere.

Vuto lomweli limawapeza a Hilux amene amaiwala galimoto mu 4H, giya yoyendetsa mawilo onse anayi, atatuluka m'matope n'kulowa pa tala. Zambiri mwa izo zilibe difu yapakati, yolola mawilo akutsogolo ndi akumbuyo kuyenda liwiro losiyana, choncho pamsewu wouma zitsulo zimangopotokolana zokhazokha. Chimodzimodzi kukoka galimoto yoyenda ndi mawilo onse anayi, mawilo awiri atanyamulidwa, awiri ali pansi. Ndikaziona pamsewu mtima umandipweteka, chifukwa mwini wakeyo akalipira kawiri.

Nanga oyilo?

Apa ndiye pamene ambiri sitifikapo n'komwe. Pa X-Trail, transfer case ndi kabokosi kakang'ono kolumikizidwa ku giyabokisi kutsogolo, komwe kamatumiza mphamvu kumbuyo. Kali ndi oyilo wakewake, wa magiya, wosakwana ngakhale theka la lita, ndipo kamakhala pamalo otentha. Kakangoyamba kudontha pang'ono, sikachedwa kuuma. Tikapita ku sevisi timasintha oyilo wa injini ndi zosefera, n'kumati tamaliza. Funsani kuti aone oyilo wa kabokosi kameneka ndi wa difu yakumbuyo, makamaka ngati mwawoloka madzi akuya m'nyengo ya dzinja. Akatuluka wotuwira ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Akatuluka wonunkha kupsa kapena wonyezimira tizitsulo, musadikire kuti kayambe kulira.

Tsono za tayala lanulo, achimwene. Ngakhale manambala atafanana, latsopano lili ndi mano pafupifupi mamilimita 8. Ngati akalewo atsala ndi 3, kusiyana kwake ndi maulendo pafupifupi 7 pa kilomita, ndipo n'kokwanira kuvutitsa galimoto. Yezani kaye mano a atatuwo. Ngati akusiyana ndi latsopano ndi mamilimita osapitirira awiri, gulani limodzi la saizi ndi mtundu womwewo. Ngati adatha kwambiri, kuli bwino mupeze la kaunjika la saizi yomweyo, mano ake ofanana ndi anzakewo, uku mukusonkhanitsa ndalama ya anayi. Pakadali pano ikani batani lanu pa 2WD kuti izikoka ndi mawilo akutsogolo okha, mpweya ukhale monga zalembedwera pakhomo la dalaivala, ndipo nyali ya 4WD ikayamba kuphethira pang'onopang'ono, dziwani kuti galimotoyo ikukuuzani kuti mawilo akusiyana. Imani muone matayala tsiku lomwelo.